Ophunzira akuopa kujambula anthu osawadziwa: tiyambire pati?

Funso: "Ndimaphunzitsa pa sekondale ina ku Zomba ndipo ndimayang'anira kalabu yojambula zithunzi. Tili ndi makamera awiri okha, ena onse amagwiritsa ntchito mafoni. Teremu ino ndinauza aliyense kuti akajambule anthu asanu osawadziwa a m'dera lake. Zomwe abweretsa zandifooketsa. Ena ajambula anzawo n'kunama kuti sakuwadziwa, ena ajambula anthu chakumbuyo ali patali, ndipo mtsikana mmodzi anathamangitsidwa kumsika atauzidwa kuti alipire kaye. Nkhope zambiri zatuluka zakuda bii. Ndiwathandize bwanji?"

Yankho: Aphunzitsi, musafooke, ndipo anawo musawakalipire. Mwana amene wajambula munthu chakumbuyo wakuuzani zoona zokhazokha, zoti akuopa. Mantha akewo ali ndi pochokera. Taganizirani mmene tinawalerera. Kuyambira ali aang'ono timawauza kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso, sayambidwa nkhani, ukamupatsa chinthu umagwada. Lero mwana yemweyo, wa fomu 2, mwamutuma kuti akaimitse bambo a msinkhu wa atate ake, awayang'anitsitse kumaso, kenaka awauze kuti "tasunthirani chauku". Kudina batani ndi kachigawo kakang'ono ka ntchito imeneyi. Chachikulu ndi kupempha, ndipo kupempha nako kumafuna kuphunzitsidwa, pang'onopang'ono, m'kalasi momwemo.

Ndiye sabata yoyamba makamera atsekereni m'kabati, mafoni akhale m'thumba. Atumeni awiriawiri kuti akangocheza ndi munthu mmodzi amene amamuona tsiku ndi tsiku popita kusukulu koma sanamulankhulepo. Akamulonjere, akamve kuti ntchito yakeyo anaiyamba liti, anaiphunzira kwa yani, chimamutopetsa n'chiyani. Kope asalitulutse pamaso pake, akalembe atachokapo. Pobwera kukalabu aliyense afotokozere anzake za munthu wakeyo. Mudzadabwa kuona kuti mwana amene amanjenjemera atanyamula kamera amacheza bwinobwino ali chimanjamanja, chifukwa moni amaudziwa kale. Sabata yotsatira akabwerera ndi kamera, sakupitanso kwa munthu wachilendo kwenikweni.

M'kalasi chitani sewero. Inu mukhale mayi ogulitsa tomato, ndipo musawanyengerere. Mwana akayandikira muzimufunsa mafunso amene akakumane nawo kunja: "Ndiwe mwana wa ndani? Chithunzicho ukapita nacho kuti? Mukufuna mukatigulitse kwa azungu eti? Nanga ine ndipindula chiyani?" Funso lililonse akhale nalo ndi yankho loona, lalifupi, lotuluka msanga. Pempho lake limveke chonchi:

"Odi, mwaswera bwanji mayi? Ine ndine uje, mwana wasukulu pasekondale apa. Tikuphunzira kujambula. Ndimadutsa pano tsiku lililonse ndipo ndimasirira mmene mumasanjira tomatoyu. Ndimati ngati mungalole ndikujambuleni muli pamalonda panu. Chithunzicho tikachionera m'kalasi basi, ndipo Lachisanu ndidzakubweretserani chanu. Ngati simukufuna palibe vuto, mayi."

Muone kuti muli chifukwa chogwirika chimene wasankhira mayiwo osati ena. Munthu akauzidwa kuti "ndikufuna ndikujambuleni" basi, mumtima amayamba kufufuza chimene chalakwika pa iye: kodi ndi chitenje chong'ambikachi, kodi ndi mazinowa? Mukamuuza chimene mwaona, mtima umakhala pansi. Mawu otsiriza aja, oti akhoza kukana, ana amakonda kuwameza poopa kuti munthu akanadi. Awanene. Ndipo pa sewero lanu muziwakana nthawi zina, mwaukali ndithu, kuti aphunzire kunena kuti "zikomo, ndapita" nkhope ili yosagwa. Mwana amene wakanidwapo kangapo m'kalasi anzake akuseka sadzathawa kulowa mumsika.

Kumsika kwenikweni asayambire. Kumeneko kuli phokoso, aliyense ali ndi maso pa ndalama, ndipo munthu mmodzi akakuwa onse amatembenuka. Ayambire pasukulu pomwepo, kwa alonda, kwa ophika, kwa amayi ogulitsa mandasi pageti. Akatero apite kwa anthu aluso amene amakhala pamalo amodzi tsiku lonse: atelala a pakhonde la sitolo, okonza njinga, osoka nsapato, akalipentala, owotcherera, ometa. Amenewa ndimawakonda kwambiri kwa oyamba kumene. Manja awo ali ndi chochita, choncho saima chilili kudikira kamera. Amanyadira ntchito yawo ndipo ukawafunsa za iyo sathetsa kulankhula. Mawa ukawafuna uwapeza pomwepo. Wojambula wa ku Germany, August Sander, anathera zaka zambiri akujambula anthu a dziko lake potsata ntchito zawo, alimi, ophika makeke, onyamula njerwa, ndipo zithunzi zake zikuphunzitsidwabe mpaka lero. Ana anu akhoza kuchita zomwezo mumsewu umodzi wa ku Chinamwali kapena ku Matawale.

Nthawi yolowa mumsika ikakwana, ntchito yoyamba ndi yanu. Pitani nokha kwa atcheyamani a msika ndi kalata yochokera kwa ahedi, mukafotokoze kuti anawo ndi angati, adzabwera liti, adzachita chiyani. M'midzi mudzere kwa amfumu. Ana avale yunifomu. Ena amaziona ngati zotaya nthawi, koma kumbukirani chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Munthu wosadziwika wonyamula chipangizo chosadziwika akhoza kukumana ndi zoopsa mwadzidzidzi. Komano chenjerani ndi mbali inayo. Amfumu akasangalala amatha kunena kuti "jambulani aliyense, ndalola ine", anthu n'kumangoima pamzere poopa kuoneka amwano. Chilolezo cha amfumu ndi cholowera m'mudzi chabe. Nkhope ndi ya mwini wake, ndipo mwana apemphebe payekha, motsitsa mawu, pamene munthuyo angakane popanda kuchita manyazi.

Palinso chinthu china chobisika chimene chimachititsa anthu kuvomera msanga. Kwathu kuno kamera ndi kope zikafika pamodzi, anthu ambiri amaganiza za kalembera: Mtukula Pakhomo, feteleza wotsika mtengo, chimanga cha bungwe. Agogo akafunsa kuti "mukulemba mayina?", mwana ayankhe mosazungulira kuti ayi, sitikugawa kanthu, ndi ntchito yakusukulu basi. Akangomwetulira n'kusiya funsolo lili choncho, agogowo alola poyembekezera thumba la ufa, ndipo kulola koteroko n'kopusitsidwa. Mwezi wamawa akadzaona kuti palibe chabwera, amene adzavutike ndi mwana wina wobwera ndi kamera pambuyo pake.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene inakumana ndi mtsikana wanu uja. Maganizo anga ndi oti ana asukulu asalipire. Akayamba kupereka ya sopo, wa ndalama yekha ndiye azijambula, mtengo uzikwera sabata ndi sabata, ndipo munthu amene wagulidwa amaima mongodikira kuti zithe. Koma muwaphunzitse kuti wofunsa ndalamayo si wamisala kapena wadyera. Anthu aona kwa zaka zambiri magalimoto akuluakulu akuima, alendo akutsika, akujambula ana ndi amayi, n'kupita osabwereranso. Akudziwa kuti zithunzizo zimakagwira ntchito kwina.

Afotokozereni nkhani ya Dorothea Lange. Mu 1936, nthawi ya umphawi waukulu ku America, mayiyu ankajambulira boma ndipo anaima pamsasa wa anthu othyola nsawawa ku Nipomo, m'chigawo cha California. Anapeza mayi wa zaka 32 atakhala m'chisakasa ndi ana ake, n'kumujambula kwa mphindi zochepa chabe. Chimodzi mwa zithunzizo, cha mayi atagwira chibwano ana awiri atabisa nkhope m'mapewa mwake, chinakhala chimodzi mwa zithunzi zotchuka kwambiri padziko lonse. Lange mwini wake analemba pambuyo pake kuti sanamufunse dzina. Dzinalo, Florence Owens Thompson, linadziwika mu 1978, patapita zaka zoposa 40, ndipo mayiyo anadandaula poyera kuti sanapezepo kanthu pa chithunzicho. Dziko lonse linkamudziwa ngati nkhope ya umphawi, iye osafunsidwa. Chithunzicho n'chabwino zedi, ndipo muwaonetse anawo kuti aphunzirepo kaimidwe ndi kuwala. Kenaka muwafunse kuti akanakhala mayi awo akanamva bwanji. Kukambirana kumene kumatsatira funso limeneli kumaphunzitsa zambiri kuposa malamulo olembedwa pabolodi.

M'malo mwa ndalama, chithunzi chotsukitsa. Chaching'ono chija, cha masentimita 10 ndi 15, n'chokwanira. Ngati thumba la kalabu ndi lochepa, chepetsani anthu ojambulidwa, koma aliyense wojambulidwa alandire chake m'manja pa tsiku limene analonjezedwa. Ndikanakhala ine, anthu asanu aja ndikanawatsitsa kufika pa awiri, koma aliyense achezeredwe katatu: kukacheza, kukajambula, kukapereka chithunzi. Nthawi zambiri chithunzi chabwino koposa chimatuluka paulendo wachitatuwo, munthu atagwira chithunzi chake, anzake a pamsika atamuunjirira, wina n'kumati "nanenso mundijambule". Kugula mulu wa tomato kwa mayi amene wakulola si kulakwa, ndi ulemu wamba. Zimasintha ngati chithunzicho chidzagulitsidwe, chidzalowe pampikisano wa mphoto kapena pa chikwangwani cha malonda. Pamenepo mubwererenso kwa mwini nkhope, mugwirizane polemba, ndipo gawo lake alandire. Mtsikana uja mupite naye inuyo kumsikako kudzera kwa atcheyamani, sabata isanathe, asanakhazikike m'maganizo oti iye sangathe. Asakakamize munthu yemwe anamuthamangitsayo. Angopeza wina mmodzi amene angamulole, inu mutaima chapatali.

Munthu akalola, kawirikawiri amanena kuti "dikirani ndisinthe kaye" kapena "mubwere mawa ndisambe". Apa ophunzira ambiri amakhumudwa, chifukwa chimene chinawakopa ndi malaya amafuta aja ndi thukuta lija, ndipo anamva kuti chithunzi chenicheni ndi chosakonzekera. Ine sindigwirizana nazo. Munthu amene akufuna kuvala jekete lake la kutchalitchi akukuuzani mmene iye amadzionera, ndipo chimenecho n'choona chimodzimodzi ndi malaya amafuta.

Wowaonetsa pa nkhaniyi ndi Seydou Keïta wa ku Mali, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948. Ankajambulira pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu ya maluwamaluwa, ndipo nsalu yake yoyamba inali chofunda cha pabedi pake. Anali ndi masuti, mawotchi, zolembera, wailesi ndi njinga yamoto zobwereketsa makasitomala, kuti aliyense aoneke mmene ankafunira kuti abale ake amuone. Kawirikawiri ankadina kamodzi kokha pa munthu aliyense chifukwa filimu inali yodula, choncho nthawi yake yambiri inkathera pokonza kakhalidwe ka munthuyo, poika dzanja, potembenuzira mutu. Zithunzi zimenezo, zojambulira anthu wamba a mumzinda mwake, zinayamba kuonetsedwa ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1990 ndipo lero zili m'nyumba zikuluzikulu zosungira zaluso. Mukaziyang'ana simupezamo munthu womvetsa chisoni. Ana anu akadzaona nsalu zakumbuyozo adzazindikira kuti chitenje cha amayi awo ndi situdiyo yokwanira.

Choncho auzeni kuti ajambule ziwiri. Choyamba chikhale cha mwini wake, avale zimene akufuna, aime pamene akufuna. Kenaka mwana apemphe chachiwiri: "Tsopano ndimati chimodzi muli pamakina panu, ngati mmene ndinakupezerani dzana." Amene wapatsidwa choyamba sakana chachiwiri kawirikawiri.

Vuto lotsatira ndi kuuma thupi. Akuluakulu ambiri, makamaka kumudzi, sajambulidwa kawirikawiri kupatula pa kalembera, monga wa ziphaso za unzika wa mu 2017, ndiye akaona kamera amaimika khosi, manja m'mbali, maso tong'o. Mwana akachita mantha amafuula kuti "sekani!", n'kupeza mano opanda chimwemwe. Mawu amenewo aletseni. Kamera aikonzeretu asanapemphe, kuti asamalimbane ndi mabatani munthu akudikira. Ajambule chimodzi chouma chija, amuonetse, aseke limodzi, apitirize kucheza kamera ili m'munsi mwa chibwano. Afunse za mwana woyamba, za mtengo wa ulusi, za timu imene amachemerera. Mapewa amatsika okha pakapita mphindi zingapo, ndipo mphindi imene munthu wamaliza kuyankha, asanakumbukire kuti pali kamera, ndi imene ikufunika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhope yosaseka si yolakwika ayi, bola ikhale ya munthu amene wakhazikika.

Kamera ikhale pamlingo wa maso a wojambulidwayo. Agogo akakhala pamphasa, mwana akhale pansi nayenso. Apa mwambo wathu ndi luso zikugwirizana, chifukwa kujambula munthu utamuimirira kumamuchepetsa pachithunzi, ndipo ndi kaimidwe kamene timakaona pa zithunzi zopemphetsera thandizo.

Za nkhope zakuda bii, vutolo si khungu la anthu athu ndipo si kutchipa kwa foni. Kamera imayeza kuwala konse kumene ikuona n'kuyesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawalitsa, chosadetsa. Munthu akaima kutsogolo kwa khoma la laimu, malata onyezimira kapena thambo, kamera imaona kuwala kochuluka n'kuchepetsa, ndipo choyamba kuzimirira ndi nkhope. Onjezerani dzuwa lathu. Zomba ili pafupifupi madigiri 15 kum'mwera kwa equator, moti chakumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba kumasiya mdima m'maso ndi pansi pa mphuno, chipumi chokha n'kumanyezimira, munthu atatsinzina. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 masana, pabwalo poyera asajambulirepo nkhope. Mwayi wanu ndi woti nthawi yoweruka, kuyambira hafu pasiti 3 mpaka 5 koloko, ndi imene kuwala kumakoma. Asachedwe, chifukwa kuno dzuwa likangolowa mdima sutenga nthawi.

Malo abwino koposa ali paliponse ndipo ndi aulere: pakhonde ndi pakhomo. Munthu aime kapena akhale mumthunzi, sitepe imodzi kuchokera pamene dzuwa lalekezera, nkhope italoza kunja. Wojambula aime panja, msana utaloza kuwala. Kuwala kobwerera kuchokera pansi ndi pamakoma kumadzaza nkhope mofewa, m'maso mumaoneka kadontho kowala, ndipo mdima wa m'nyumba kumbuyo kwake umachititsa kuti munthuyo aonekere yekha. Tengerani kalabu yonse pakhomo la kalasi, mwana mmodzi aime panja padzuwa, kenaka pakhomo, kenaka m'kati kwambiri, onse amujambule malo atatuwo n'kufananiza. Phunziro limenelo la mphindi 20 lidzathetsa theka la vuto lanu. Pansi pa mtengo wa mango achenjere, chifukwa masamba amasiya mawangamawanga a dzuwa kumaso. Mumsika ayang'ane denga: pepala la pulasitiki labuluu kapena lobiriwira limapaka mtundu wake pakhungu, ndiye ndi bwino kupempha munthuyo kuti asunthire kumapeto kwa shedi. Mbali imodzi ya nkhope ikada kwambiri, mnzake uja agwire pepala loyera lalikulu, kapena thumba loyera la ufa, chapafupi ndi mbali yakudayo kuti libwezere kuwala. Fulashi azimitse.

Pa foni, adine pankhope pa sikirini kuti foni iyezere pamenepo, kenaka akweze pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukira pambali. Pa kamera pali batani lolembedwa +/-, ndipo kumbuyo kukawala alikweze kufika pa +1 n'kuona. Cholinga si kuyeretsa munthu. Khungu lituluke mmene lilili, lakuda lokhala ndi mizere yake yonse. Pa chifukwa chomwecho azimitse beauty mode imene mafoni ambiri amabwera nayo, chifukwa imasalaza makwinya n'kuyeretsa khungu mpaka agogo kuoneka ngati chidole. Nkhani ya makina okondera khungu loyera ndi yakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi la chithunzi cha mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti azilinganizira mitundu pamakina awo, ndipo khadi lokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana linabwera m'ma 1990. Ana akadziwa zimenezi amasiya kukhulupirira chilichonse chimene makina awasankhira.

Zotsalazo n'zachidule. Lenzi ya foni ndi yotambalala, ndiye ukaiyandikitsa kwambiri mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo. Abwerere mita imodzi ndi theka kapena awiri, ajambule kuyambira m'chiuno, kapena adine batani lokulitsa la 2x ngati lilipo. Apukute lenzi ndi nsalu yofewa, chifukwa foni yokhala m'thumba imakhala ndi mafuta. Pa makamera anu awiriwo, ngati muli ndi lenzi ya 50mm ndi yomweyo, aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala) pa f/2.8 kapena f/4, liwiro lotsekera kamera lisachedwe kuposa 1/125 ya sekondi, ndipo diso limene lili pafupi ndi kamera ndilo lioneke lakuthwa. Asanadine ayendetse maso m'makona onse anayi, aone ngati mzati wa magetsi ukumera pamutu pa munthu. Makamera awiri si vuto, poti ana akuyenda awiriawiri ndipo angasinthane masiku. Potumizirana pa WhatsApp atumize ngati document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo chimatuluka chosaoneka bwino potsukitsa.

Foni ili ndi vuto lake lina, loti anthu amaiopa chifukwa cha Facebook ndi TikTok. Aliyense anaonapo munthu atasandutsidwa choseketsa m'magulu a WhatsApp. Lamulo la kalabu likhale lolimba: chithunzi cha ntchitoyi sichipita pa intaneti, ngakhale pa status, pokhapokha mwini wake atachiona n'kulola zimenezo padera. Kulola kujambulidwa ndi kulola kufalitsidwa ndi zinthu ziwiri. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu pa zinsinsi za moyo wake, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi MACRA, lokhudza kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri za anthu. Auzeninso azimitse location pa kamera ya foni, chifukwa chithunzi chimatha kusunga malo enieni amene chinajambulidwira.

Pali anthu amene pa ntchito ino asawajambule n'komwe. Ana ang'onoang'ono amathamangira kamera akukuwa kuti "tijambuleni!", ndipo n'chifukwa chake ophunzira amantha amathawira kwa iwo. Kuyambira mu 2017 malamulo athu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo wovomereza m'malo mwake ndi kholo. Kwa teremu ino ingonenani kuti chithunzi cha mwana sichiwerengedwa. Woledzera, wodwala misala woyenda mumsewu, wodwala ali pabedi, namfedwa pamaliro, onsewa sangathe kuvomera ndi mtima wonse. Munthu wachialubino akhoza kujambulidwa ngati wina aliyense akafuna yekha, koma poganizira nkhanza zimene akhala akuchitiridwa m'dziko muno, chithunzi chake chisasonyeze pamene amakhala kapena njira imene amadzera. Gule wamkulu sajambulidwa mwachisawawa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo kudambwe sikuyandikiridwa. Ku Zomba kwanuko muwatchulire mayina malo osaloza kamera: Cobbe Barracks, ndende yaikulu, nyumba ya boma, polisi ndi m'zipatala. Atsikana ndi anyamata omwe asalowe m'nyumba ya munthu, asayende okha, abwerere kusanade, ndipo wofuna nambala ya foni apatsidwe ya kalabu kapena yanu, osati ya mwana.

Pomaliza kachongedwe, chifukwa ana amachita chimene chili ndi malikisi. Mukamachonga kukongola kwa chithunzi kokha, adzapitiriza kujambula anzawo, poti mnzako amaima mmene wamuuzira. Gawani malikisi pakati: theka la chithunzi, theka la kope. M'kopemo mukhale dzina limene munthuyo wasankha kutchulidwa nalo, ntchito yake, mawu ake enieni chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chimene walola kuti chichitike ndi chithunzicho, ndi tsiku limene analandira chake. Okana nawonso alembedwe, popanda mayina, ndi mmene mwanayo anayankhira, ndipo zimenezo zikhale ndi malikisi ake. Poonetsa zithunzi m'kalasi funso loyamba lisakhale la mmene anatcherera kamera. Funsani kuti awa ndi ndani. Mwana amene sangathe kunena zinthu zitatu za munthu wa pachithunzi chake abwerereko.

Ku Johannesburg kuli sukulu yojambula ya Market Photo Workshop imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989. Mmodzi mwa amene anaphunzira kumeneko, Zanele Muholi, wakhala akujambula nkhope za anthu a gulu lake kuyambira mu 2006, amawatchula kuti otenga nawo mbali, ndipo amabwerera kukajambulanso ena mwa iwo patapita zaka. Mungachite zofanana pamlingo wa sukulu yanu. Kumapeto kwa teremu pachikani zithunzizo mu holo, pansi pa chilichonse mulembe mawu a mwini wake m'Chichewa kapena m'Chiyao mmene anawanenera, ndipo oyamba kuitanidwa akhale atelala aja, alonda aja ndi mayi a tomato aja, asanalowe makolo ndi alendo. Chithunzi chopachika chikhale chimene mwini wake wachiona kale n'kulola kuti chipachikidwe. Wina akasintha maganizo, ngakhale m'mawa wa tsiku lomwelo, chitsitsidwe pakhoma, chifufutidwe mufoni iye akuona, ndipo mwanayo malikisi ake asachotseredwe.